Moŵa Ukafika mu Ubongo

Kodi munadzifunsapo chifukwa chimene munthu woledzera amayendera dzandidzandi, chonsecho miyendo yake ili bwinobwino? Vuto silikhala m'miyendo ai. Limakhala m'mutu.

Ubongo wanu unapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maselo. Simungatione ndi maso. M'mutu mwa munthu mmodzi muli maselo otumiza uthenga pafupifupi mabiliyoni 86. Ngakhale tsopano lino, pamene mukuŵerenga, maselo anu ali kalikiliki kupatsirana uthenga.

Pakati pa selo ndi linzake pali kampata. Uthenga umaoloka kampatako ndi mankhwala amene thupi limapanga lokha. Mankhwala ena amauza selo kuti, "Fulumira!" Dzina lake ndi glutamate. Ena amati, "Ima kaye!" Dzina lake ndi GABA. Zili ngati njinga: pali kupalasa, palinso buleki.

Mukamwa moŵa, umaloŵa m'magazi kudzera m'mimba ndi m'matumbo. Pakangopita mphindi zochepa wafika kale mu ubongo. Kumeneko umalimbitsa buleki, nufooketsa kupalasa. Uthenga umayamba kuyenda mochedwa.

Mwina mufunsa kuti, "Nanga bwanji woledzera amalongolola ndi kuvina?" Ndi chifukwa chakuti mbali yoyamba kufooka ndi ya kumphumi, imene imatithandiza kulingalira ndi kudziletsa. Manyazi amatha. Ndalama za feteleza zimathera pomwepo. Akapitiriza kumwa, imafookanso mbali ya kunkhongo, yoongolera kayendedwe. Ndiye kudzandira kuja. Ena m'maŵa mwake sakumbukira kanthu, pakuti maselo osunga zinthu sanasunge.

Moŵa waukali monga kachasu ukachuluka zedi, umafika pofooketsa maselo oyendetsa kupuma. Apa munthu atha kufa ali m'tulo. Mukapeza mnzanu wakomoka ndi moŵa, mgonekeni cham'mbali kuti asatsamwe ndi masanzi, ndipo fulumirani naye kuchipatala. Kumuthira madzi ozizira kapena kumumwetsa tiyi sikuchotsa moŵa. Chimachotsa moŵa ndi chiŵindi, ndipo chimagwira ntchitoyi pang'onopang'ono.

Munthu akamamwa kwambiri tsiku ndi tsiku, ubongo umazoloŵera. Umayamba kupalasa mwamphamvu kuti ulimbane ndi buleki uja. Tsono akaleka mwadzidzidzi, buleki amamasuka koma kupalasa kudakalipo. Manja amanjenjemera, thukuta limatuluka, tulo sabwera, ndipo ena amagwa ngati akhunyu. Wofuna kuleka moŵa atafika pamenepa ayambe waonana ndi adokotala, iwo ali ndi mankhwala omuthandiza masiku oyambawo.