Wowerengera midzi kafukufuku asanayambe

Magalimoto a kafukufuku wa zaumoyo asanalowe m'midzi, mafumu asanaitanidwe ku msonkhano, pali munthu amene amatha masabata ali pa kompyuta, akulimbana ndi funso limodzi: pakufunika midzi ingati? Ameneyu ndi katswiri wa masamu a zaumoyo. Zotsatira zikatuluka dzina lake silimveka pa wailesi, koma akaphonya chiwerengero, ndalama ndi thukuta la alangizi a zaumoyo zimangolowa m'madzi.

Pali zinthu zimene simungapatse munthu mmodzi n'kumana mnansi wake. Gulu la amayi okambirana za uchembere, kapena mbaula zosafuka utsi wambiri, zimalowa m'dera lonse. N'chifukwa chake posankha olandira zinthuzi pa kafukufuku, maere amagwera madera, osati anthu. Ku Mchinji, kafukufuku wa MaiMwana anali ndi zigawo 48. Ku Chikwawa ndi ku Karonga, kafukufuku wa mbaula wa CAPS anatenga madera 150, ndipo anapeza kuti chibayo cha ana sichinachepe. Yankho lotere tingalikhulupirire pokhapokha ngati madera anali okwanira.

Chovuta n'chakuti anthu a mudzi umodzi amafanana. Amatunga pa mjigo umodzi, amalumidwa ndi udzudzu wa dambo limodzi, akadwala amapita ku chipatala chimodzi. Mukafunsa za ana makumi angapo, otsalawo sakuuzaninso zambiri zachilendo. Kufanana kumeneku amakuyeza ndi nambala yotchedwa ICC. Ikakhala 0.05, mudzi uliwonse n'kupereka ana 100, chiwerengero cha ana ofunika chimachuluka pafupifupi kasanu n'kamodzi poyerekeza ndi kuchitira maere mwana aliyense payekha. Kanambala kakang'ono chonchi!

Komanso nambalayi sidziwika bwino kafukufuku asanachitike. Katswiri amaisaka m'mafukufuku akale ndi m'kaundula wa madera ngati Chilumba, kumene akhala akulemba obadwa ndi omwalira kuyambira 2002, kenaka n'kuyesa masamu ake kangapo, nambalayo ikakwera ndi ikatsika.

Ndimam'lemekeza kwambiri munthuyu pa tsiku lokambirana bajeti. Mafuta akwera mtengo, misewu ina siipitika nthawi ya dzinja, ndiye akuluakulu amapempha kuti midzi ichepe, angoonjezera ana m'midzi yapafupi. Iye amayenera kukana mwaulemu, n'kuwaonetsa pa pepala kuti midzi ina khumi ya kutali iwathandiza kuposa ana mazanamazana a m'mbali mwa msewu wa phula.