Digiri ya Zamalamulo Yakunja: Yambani Mwaganizira za Nchito

Acinyamata a ku Matero, Kanyama ndi Mtendere amene anatsiriza maphunziro a zamalamulo amalakalaka digiri yaciwiri ya LLM kunja. Koma digiriyi payokha sipatsa munthu cilolezo coimira anthu m'makhoti a mu Zambia. Wofuna uloya ayenera kupambana mayeso a ku ZIALE mu Lusaka, ndipo mapepala ocokera kunja amatsimikizidwa ndi bungwe la ZAQA.

Conco banja lisanagulitse puloti, sankhani phunziro lokhala ndi nchito kuno kwathu. Yunivesite ya Dundee ku Scotland imaphunzitsa malamulo a migodi, ofunika m'dziko la mkuwa, pomwe ya Pretoria imadziwika pa maufulu a anthu. Olandira thandizo la Chevening la ku Britain amayenera kubwerera kwao kwa zaka ziwiri.