Masiku 12 a ufulu ku Hungary, kenaka akasinja

Kodi boma lokhala pampando chifukwa cha mfuti za dziko lina lingamve kulira kwa anthu ake? Anthu a ku Hungary adaliyankha funso limeneli ndi magazi awo m'chaka cha 1956.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, asilikali a Soviet Union sadachoke ku Hungary. Iwowa ndiwo adali msana wa chipani cha Komyunizimu, chomwe pofika 1949 chidali chitameza zipani zina zonse. Mtsogoleri wake, Mátyás Rákosi, adali wankhanza zedi. Boma lidalanda mafakitale ndi mabizinesi, alimi adakakamizidwa kuphatikiza minda yawo, ndipo apolisi achinsinsi otchedwa ÁVH ankangotola aliyense woyerekeza kutsegula pakamwa.

Zinthu zidayamba kugwedera mu February 1956 pamene mtsogoleri wa Soviet Union, Nikita Khrushchev, adadzudzula nkhanza za malemu Stalin. Mu July Rákosi adachotsedwa, koma wolowa m'malo mwake, Ernő Gerő, adali wa khola lomwelo.

Oyatsa moto adali ana asukulu. Pa 23 October ophunzira a m'makoleji a mumzinda wa Budapest adayenda pamsewu atanyamula mfundo 16. Zina mwa izo: asilikali a Soviet Union apite kwawo, pakhale chisankho cha zipani zambiri, nyuzipepala ndi wailesi zikhale pa ufulu. Anthu ogwira ntchito adawatsatira, ndipo pofika usiku khamulo lidali litagwetsa chifanizo chachikulu cha Stalin. Ku nyumba ya wailesi apolisi a ÁVH adawombera anthu. Basi, zidavuta pamenepo. Asilikali ena a Hungary adapereka mfuti zawo kwa anthu, anyamata nkumalimbana ndi akasinja ndi mabotolo a petulo.

M'mawa mwake Imre Nagy, wa Komyunizimu yemwe anthu ankamukhulupirira, adakhala nduna yaikulu. Akasinja a Soviet Union adatuluka mu Budapest kumapeto kwa mweziwo. Pa 30 October Nagy adalengeza kuti ulamuliro wa chipani chimodzi watha, matipate yabwera. Pa 1 November adati dziko lake latuluka m'pangano la nkhondo la Warsaw Pact ndipo silikhalanso mbali ya wina aliyense.

Apa mpomwe eni ake a ku Moscow adati ayi. Usiku wa pa 3 November adamanga Pál Maléter, nduna ya zachitetezo, ali pakati pokambirana nawo za kuchoka kwa asilikali awo. Mbandakucha wa pa 4 November akasinja adalowanso mu Budapest, ndipo pasanathe sabata ndi theka zonse zidali zii. Anthu a ku Hungary pafupifupi 2,500 adaphedwa, asilikali a Soviet Union pafupifupi 700 adafa, ndipo anthu okwana 200,000 adathawa, ambiri kudzera ku Austria. Pampando adaikapo János Kádár, yemwe adalamula mpaka 1988.

Nanga maiko a azungu a kuzambwe adali kuti? Anthu ambiri omvera wailesi ya Radio Free Europe ankakhulupirira kuti thandizo lili m'njira. Silidafike. Britain ndi France adali otanganidwa ndi nkhondo yawo ya Suez ku Egypt, ndipo Amereka sadafune kuputa nkhondo ndi dziko lokhala ndi mabomba a nyukiliya. Akuluakulu adanena kale: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Nagy adathawira ku ofesi ya kazembe wa Yugoslavia. Adamulonjeza kuti akhoza kupita kunyumba mwamtendere, koma atangotuluka adamugwira. Adamuzenga mlandu mwachinsinsi nkumunyonga pa 16 June 1958, ndipo manda ake adalibe ngakhale dzina.

Ena anganene kuti ana asukulu aja adangophetsa anthu pachabe. Koma taonani izi, awerengi. Pa 16 June 1989 khamu lalikulu lidasonkhana mu Budapest kudzamuikanso Nagy m'manda mwaulemu. Pa 23 October chaka chomwecho dziko lidasiya dzina lake la Komyunizimu, mu 1990 padachitika chisankho cha zipani zambiri, ndipo mu June 1991 msilikali womaliza wa Soviet Union adachoka. Zimene ophunzira adapempha mu 1956 zidatheka patapita zaka zoposa 30, ambiri mwa opemphawo ali m'manda kapena ku maiko a eni. Tsiku la 23 October tsopano ndi tchuthi cha dziko lonse la Hungary.