Kodi Senua akudwala chiyani? Mkangano wa pansi pa mango

Sabata ziwiri zapitazo, pa nthawi ya buleki, ndinapeza anyamata atatu a Fomu 3 ndi mtsikana mmodzi akukangana pansi pa mtengo wa mango. Ndinkayesa ndi za mpira monga mwa masiku onse, koma ayi. Ankakangana za mayi wina dzina lake Senua, amene sanapondepo dziko lino, chifukwa ndi munthu wa mu gemu. Mwa anayiwo ndi mmodzi yekha amene anaisewerapo gemuyo, kwa msuweni wake ku Mbeya pa holide. Enawo anangoona tizidutswa ta vidiyo pa foni kunyumba. Komabe aliyense anali ndi chigamulo chake. Wina amati mayiyo ndi wamisala basi. Wina amati ali ndi schizophrenia, liwu limene ndikuganiza kuti analimva dzulo lake. Mtsikanayo amati onse aphonya, Senua ndi wogwidwa ndi majini, ndipo akanakhala wa kuno ku Iponga abale ake akanathamangira naye kwa Shehe.

Ndinawamvetsera mpaka belu linalira. Mkangano womwewu osewera magemu a m'mayiko ambiri akhala akuuchita kuyambira mu 2017, ndipo sunathe. Ndaona kuti ndi bwino tiukambirane m'nyuzi yathu ino, pakuti mawu amene ana aja ankaponyera Senua ndi omwewo amene timaponyerana m'kalasi ndi m'mudzi.

Kwa makolo ndi ena amene simukuidziwa, gemuyi imatchedwa Hellblade: Senua's Sacrifice. Inatuluka mu Ogasiti 2017, ndipo inapangidwa ndi kampani ya Ninja Theory ya mumzinda wa Cambridge ku England, ndi gulu la anthu pafupifupi 20. Ndinene pomwe pano kuti ku Ulaya inaikidwa m'gulu la magemu a anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Muli magazi ndi zoopsa zambiri, choncho nkhani ino si yolimbikitsa mwana wa Fomu 1 kukaifunafuna.

Senua ndi msilikali wamkazi wa mtundu wa Apict, wa pa zilumba za Orkney kumpoto kwa Scotland, m'zaka za m'ma 700. Chiyambire ubwana wake amamva mawu a anthu amene ena sakuwamva, ndipo amaona zinthu zimene ena sakuziona. Mayi ake, Galena, analinso chimodzimodzi. Bambo ake, Zynbel, anali wansembe wa chipembedzo cha makolo awo, ndipo anamuuza mwanayo kuti ali ndi temberero. Anamutsekera m'nyumba zaka zambiri, ndipo mayi ake anawatentha pamoto. Atakula anapeza mnyamata womumvetsa, Dillion. Mliri utagwa m'mudzi, Senua anadziimba mlandu n'kuthawira kutchire. Pobwerako anapeza ankhondo a Chinorse atawononga mudzi ndi kupha Dillion. Gemu imayambira pamenepa: Senua wanyamula mutu wa wokondedwa wake m'nsalu, akupita ku Helheim, dziko la akufa m'nthano za Anorse, kukawombola mzimu wake.

Chimene chinaitchukitsa ndi mawu aja. Wosewera akavala mahedifoni amawamva ngati akumunong'oneza kumbuyo kwa khutu, ena kumanzere, ena kumanja. Ena amamuseka Senua kuti alephera, ena amamuchenjeza mdani akamabwera kumsana. Opanga gemu sanangopeka zimenezi. Anagwira ntchito ndi Pulofesa Paul Fletcher, dokotala wa matenda a maganizo wa pa yunivesite ya Cambridge, komanso ndi anthu amene amamvadi mawu otere pa moyo wawo, ndipo bungwe la Wellcome Trust linathandizapo. Mu 2018 gemuyi inalandira mphoto zisanu za BAFTA, imodzi mwa izo ya Melina Juergens, mayi amene anasewera Senua.

Nanga poti akatswiri anaikapo dzanja, anthu akukanganiranji? Choyamba, opanga gemu anagwiritsa ntchito liwu loti psychosis, ndipo liwuli si dzina la nthenda imodzi. Limangotanthauza kuti munthu wafika posasiyanitsa bwino zimene zikuchitikadi ndi zimene maganizo ake akumuonetsa. Lili ngati kunena kuti mwana watentha thupi. Kutentha thupi kukhoza kukhala malungo, chibayo kapena chilonda chimene chatukusira. Ndiye osewera ena amati Senua ali ndi schizophrenia, ena amati ndi zipsera za nkhanza za bambo ake, ena amati ndi chisoni cha maliro chimene chapitirira muyeso. Palinso ena amene amati m'dziko la gemuyo milungu ndi zilombo n'zenizeni, ndipo Senua akuona zoona. Gemu yachiwiri itatuluka mu Meyi 2024, yochitikira ku Iceland, moto unakolera chifukwa mmenemo anthu ena oyenda ndi Senua amaoneka kuti nawonso akuziona zimphona zimene iye akulimbana nazo.

Anthu amene amadwaladi nawonso sanagwirizane. Ambiri analembera kampaniyo kuthokoza kuti tsopano abale awo amvetsa zimene iwo amakumana nazo. Ena anadandaula kuti gemuyo yasandutsa matenda awo kukhala ulendo wa ngwazi yonyamula lupanga, pamene kudwala kwenikweni nthawi zambiri ndi kulephera kudzuka pamphasa, kuchotsedwa ntchito ndi kusalidwa ndi anansi.

Ine maganizo anga ndi akuti funso loti Senua akudwala chiyani lilibe yankho, ndipo ngakhale Pulofesa Fletcher sangamuyeze. Senua anachita kulembedwa. Chizindikiro chilichonse chimene ali nacho munthu wina anachiika dala kuti nkhani ikome kapena kuti wosewera achite mantha. Chitsanzo chabwino chili mu gemu momwemo. Koyambirira imachenjeza kuti Senua akamagonja kawirikawiri, chivundi chakuda chimene chili pa mkono wake chidzakwera mpaka kumutu, ndipo zonse zimene wosewera wachita zidzafufutika. Anthu anasewera mtima uli m'mwamba. Patapita masiku, atolankhani a zamagemu anagonja dala kambirimbiri napeza kuti palibe chimene chimafufutika. Chenjezolo linali njira yoti wosewera alawe mantha okhulupirira chinthu chimene si choona. Munthu wopangidwa mwaluso chonchi simungamufunse kuti anagona bwanji usiku wapitawu, kapena kuti mawuwo anayamba liti. Mumangoona zimene mlembi wafuna kuti muone.

Ngakhale munthu wamoyo, akatswiri saloledwa kumutchula nthenda ali patali. Mu 1964, Barry Goldwater akupikisana pa chisankho cha pulezidenti ku America, magazini ya Fact inafunsa madokotala a maganizo oposa 12,000 ngati iye anali ndi mutu wabwino woti n'kulamulira dziko. Madokotala 1,189 anayankha kuti ayi, chonsecho panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuyezapo. Goldwater anasumira magaziniyo ndipo anapambana mlandu. Mu 1973 bungwe la madokotala a maganizo ku America linakhazikitsa lamulo loletsa mamembala ake kunena poyera za matenda a munthu wotchuka amene sanamuyeze komanso amene sanawapatse chilolezo. Ngati madokotala a madigiri awo anatsetsereka chonchi, kuli bwanji ife amene taonera vidiyo ya mphindi zitatu?

Taonani zimene wachipatala amachita munthu womva mawu akabwera naye. Sayamba ndi dzina la nthenda. Amafunsa kuti zinayamba liti, ngati munthuyo watentha thupi, ngati anagwapo khunyu, ngati anavulalapo mutu, ngati amasuta chamba kapena kumwa kachasu, ngati wakhala masiku osagona, ngati waferedwa posachedwa. Malungo aakulu amatha kubwebwetetsa munthu. Chamba chimatha kuyambitsa psychosis, makamaka kwa achinyamata. Anthu ambiri oferedwa amamva mawu a malemu kwa kanthawi popanda kudwala kulikonse. Wachipatala amafunsanso abale, ndipo nthawi zina amadikira miyezi asanatsimikize. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Palibe kachipangizo kobaya chala ngati ka malungo kamene kangaonetse mizere iwiri n'kunena kuti iyi ndi schizophrenia. Mayina a matendawa, amene ali m'mabuku aakulu monga DSM-5 la mu 2013 ndi ICD-11 la bungwe la WHO, ndi mafotokozedwe a zizindikiro zimene zimakonda kuyendera limodzi. Amathandiza dokotala kusankha mankhwala, ndipo akatswiri amawakonzanso pakapita zaka.

Pali malire enanso, ndipo apa mtsikana uja anali ndi mfundo ngakhale anaifulumizitsa. Mmene munthu amamvera mawuwo zimadalira kumene wakulira. Tanya Luhrmann wa pa yunivesite ya Stanford ndi anzake anacheza ndi anthu 60 odwala psychosis, 20 ku California, 20 ku Accra m'dziko la Ghana ndi 20 ku Chennai ku India. Ambiri a ku America anati mawu awo ndi aukali ndi olamula zachiwawa, ndipo ankawaona ngati umboni woti ubongo wawonongeka. Ambiri a ku Chennai anati amamva abale awo akuwalangiza kapena kuwatuma ntchito zapakhomo. Ambiri a ku Accra anati amamva Mulungu. Kuno kumpoto sitikusowa chitsanzo. Atumbuka a ku Rumphi ndi Mzimba ali ndi vimbuza, gule wochizira amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005, ndipo kumeneko munthu wovutika mumtima amamufotokoza m'chilankhulo cha mizimu. Ife Asilamu tili ndi chikhulupiriro chathu pa za majini, ndipo tili ndi ruqya ndi duwa.

Saikoloje ilibe chida choyezera zobisika. Singatsimikize kuti jini alipo m'munthu, ndiponso singatsimikize kuti palibe. Imaona khalidwe, imamva zimene munthu akunena, imayerekeza ndi anthu ena ambirimbiri amene anaonedwapo, n'kunena chimene chathandiza ambiri mwa iwo. Koma malire omwewo ali ndi mbali yachiwiri imene sitikonda kuimva. Ifenso sitingayang'ane mwana wa mnzathu akulankhula yekha n'kugamula kuti ndi majini. Bambo ake a Senua anachita zomwezo. Anali wotsimikiza kuti akudziwa chimene chavuta mwana wawo, ndipo kutsimikiza kwawoko ndi kumene kunamupweteka kwambiri mwanayo kuposa mawu amene ankamva.

Akatswiri a Chisilamu akale sanaone mkangano pakati pa kupemphera ndi kuchiza. Abu Zayd al-Balkhi, amene anamwalira mu 934, analemba buku la umoyo wa thupi ndi wa mtima. Anasiyanitsa chisoni chimene chili ndi chifukwa chodziwika, monga imfa ya m'bale kapena kutaya chuma, ndi chisoni chogwera munthu popanda chifukwa chooneka, chimene iye anati gwero lake lili m'thupi ndipo chimafuna chithandizo cha sing'anga wa thupi. Chipatala cha al-Mansuri, chimene Sultan Qalawun anamanga ku Cairo mu 1284, chinali ndi mbali yosamalira odwala misala. Ndipo m'malamulo a Chisilamu, munthu amene nzeru zamuchokera sawerengeredwa zochita zake mpaka zitabwerera. Wotereyu ndi woti asamalidwe.

Tsono tibwerere pansi pa mango paja. Sindikuletsa ophunzira kukangana za Senua. Kufunsa chifukwa chimene munthu wa m'nkhani wachitira chakutichakuti ndi ntchito yomwe timachita m'phunziro la Literature tsiku ndi tsiku, ndipo Senua sapwetekeka ndi zimene mungamunene. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chizolowezi chimene chimatsalira m'kamwa. Chaka chino chokha ndamva mnyamata wofatsa akutchedwa "psycho" chifukwa amadya yekha, ndipo mtsikana amene anataya mayi ake akunenedwa kuti ndi "bipolar" chifukwa lero waseka mawa walira. Mwana akapatsidwa dzina lotere anzake amasiya kumufunsa kuti chavuta n'chiyani, poti akuyesa kuti akudziwa kale. Ndipo amene akumvadi mawu, ngati alipo pakati pathu, akaona mmene tikusekera amatseka pakamwa. Izi n'zoopsa chifukwa madokotala anapeza kuti psychosis ikakhalitsa osachizidwa, kuchira kwake kumavutirapo.

Mnzanu akakuuzani kuti akumva mawu, kapena mukaona kuti wasiya kugona, akulankhula zosalumikizana, kapena akunena zodzipha, musamutchule nthenda ndipo musasunge chinsinsi chotero nokha. Uzani mphunzitsi amene mumamukhulupirira kapena kholo tsiku lomwelo. Makolo, pempherani naye mwanayo ndipo a Shehe amuwerengere, koma mupitenso naye kuchipatala sabata yomweyo, osadikira kuti muone kaye ngati ruqya igwire. Poyambira ndi pachipatala chathu cha Iponga, chimene chingamutumize ku chipatala chachikulu cha boma ku Karonga. Kukafunika thandizo loposa apo, kuli St John of God ku Mzuzu ndi chipatala cha odwala maganizo cha ku Zomba. Popita tengani buku lake la kuchipatala, ndipo apite ndi munthu amene amagona naye nyumba imodzi, woti akafotokoze bwino tsiku limene zinayamba ndi zimene wakhala akuziona.