PULAGI YOKANA KUMASUKA: LANGIZO KWA ENI MAGALIMOTO A KU LUPANDE

Mvula ikakata m'cigwa ca Luangwa, alimi a ku Lupande amayamba kuganiza za kutola thonje ndi kulitengera ku msika. Nchito imeneyi imadalira magalimoto owerengeka okoka ndi mawilo onse anai, monga Land Cruiser, Hilux ndi Land Rover. Magalimoto omwewo ndiwo amatuta feteleza, ndiponso amathamangira ndi odwala ku cipatala ca Kamoto usiku. Imodzi ikafa, midzi yambiri ya kwa Msoro, kwa Jumbe kapena kwa Mnkhanya imasauka. Koma ambiri sadziwa kuti kacitsulo kakang'ono, kofanana ndi cala cacikuru ca kudzanja, kakhoza kugoneka galimoto yotere masabata angapo.

BOKOSI LA TRANSIFA

Kumbuyo kwa giyabokosi kuli bokosi lina la magiya limene amakaniko amalicha transifa. Nchito yace ndiyo kugawa mphamvu ya injini, kuti ina ipite ku mawilo a kutsogolo ndi ina ku a kumbuyo. M'menemo ndimo muli giya yamphamvu yoyenda pang'onopang'ono, imene imaturutsa galimoto m'matope a makande ndi mu mcenga wa m'mitsinje. Bokosili liri ndi mafuta ace-ace, ndiponso mapulagi awiri: ya pansi ndiyo yokhetsera mafuta akale, ndipo ya m'mbali, cakumwamba pang'ono, ndiyo yothirira atsopano.

Galimoto ikaoloka Lupande madzi ali ambiri, bokosi lotenthalo limazizira mwadzidzidzi, ndipo limayamwa madzi kupyolera pa kabowo kace kopumira kapena pa mphira zakutha. Mafuta osanganizika ndi madzi amaoneka ngati tiyi wa mkaka, ndipo satha kuchinjiriza magiya kuti asadyane. Cifukwa cace mwini galimoto ayenera kuyang'ana mafutawa mu April kapena mu May, dzinja litatha, thonje lisanayambe kututidwa. Nthawi imeneyi ndiyo ambiri amapeza kuti pulagi yauma gwa.

CIMENE CIMAUMITSA PULAGI

Pa magalimoto ambiri bokosi ndi la aluminiyamu koma pulagi ndi ya citsulo. Zitsulo ziwiri zosiyanazi zikakhudzana pamalo a cinyezi zimadyana, ndipo dzimbiri ndi ufa woyera zimadzaza m'mazinga, ndiyo mizere yozungulira imene pulagi imagwirira. Pulagi ya pansi ndiyo imabvutika koposa, pakuti madzi ndi olemera kuposa mafuta, ndipo galimoto ikaima masiku ambiri amakadikha pomwepo. Cifukwa cina ndi ca munthu: amene anamanga pulagi caka catha anaonjeza mpope ku sipanala nakanikiza ndi mphamvu zace zonse, poopa kuti ingakhete.

YAMBANI NDI YA PAMWAMBA

Lamulo loposa onse ndi ili: pulagi yothirira iyambe kumasulidwa, ya pansi isanakhudzidwe. Munthu amene ayamba ndi ya pansi amakhetsa mafuta onse, ndipo akapeza kuti ya pamwamba yakana, amatsala ndi bokosi louma limene alibe polithirira. Galimoto yotere siyenera kuyenda ngakhale mtunda waufupi, pakuti magiya opanda mafuta amatentha ndi kuonongeka. Kucokera ku Mfuwe kufika ku Chipata ndi makilomita oposa 100, ndipo kunyamula galimoto yakufa mtunda wonsewo kumadya ndalama za mabelo ambiri a thonje. Koma ya pamwamba ikakana mafuta akale ali m'kati, galimoto ikhoza kuyenda bwinobwino kunka kwa makaniko. Mafuta akale aposa bokosi louma.

KAMASULIDWE KACE

Coyamba, galimoto iyendetsedwe pang'ono kuti bokosi lifunde. Kenaka iimikidwe pamalo osalaza, ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa mawilo. Munthu asalowe pansi pa galimoto imene yakhala pa jeke yokha.

Caciwiri, matope onse acotsedwe pa mutu wa pulagi ndi burashi ya waya ndi msomali, kuti cida cilowe mpaka pansi. Cidaco cikhale coyenera ndendende. Mapulagi ambiri a Toyota ali ndi mutu wa mamilimita 24, ndipo soketi ya ngodya 6 ndiyo imagwira bwino. Pulagi yothirira ya Land Rover Defender iri ndi dzenje la ngodya 4 la theka la inci. Sipanala ya shifitingi ndiyo yapha mapulagi ambiri, cifukwa imaterereka ndi kudya ngodya zace.

Cacitatu, m'mphepete mwa pulagi muthiridwe mafuta olowa m'dzimbiri, monga WD-40. Ngati palibe, dizilo kapena parafini amathandizako. Awasiye alowerere usiku wonse. M'mawa mutu wa pulagi umenyedwe molunjika ndi hamala yaing'ono kangapo, kuti dzimbiri lisweke. Bokosi lenileni lisamenyedwe, pakuti aluminiyamu imang'aluka msanga.

Cacinai, soketi ikanikizidwe ndi dzanja limodzi, ndipo dzanja lina likoke cogwirira cacitali pang'onopang'ono, mosadzidzimutsa. Pulagi imamasukira kumanzere, mosemphana ndi mivi ya koloko, munthu akayang'anana ndi mutu wace. Wogona cagada pansi pa galimoto amasokonezeka msanga, ndipo ambiri amamanga poyesa kuti alikumasula. Ikagwedezeka pang'ono, aibwezere, athirenso mafuta, ndipo apitirize comweco mpaka ituruke. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

IKAKANABE

Kutentha kumathandiza, cifukwa aluminiyamu imafutukuka pafupifupi kawiri kuposa citsulo, ndipo bokosi likatentha limalekerera pulagi. Pamudzi njira yabwino ndiyo kuthira madzi owira pa bokosi mozungulira pulagi. Moto wa gasi usiyiridwe makaniko wodziwa, pakuti pafupi pali mipope ya petulo kapena dizilo, ndipo parafini wothiridwa dzulo uja amayaka. Ndiponso aluminiyamu imasungunuka pa madigiri 660 isanafiire, cotero sicenjeza munthu monga cimacitira citsulo ca m'cipala.

Ngodya zikadyeka, makaniko akhoza kuzungulitsa pulagi poimenya m'mbali ndi chizulo, kapena kuocherera nati yaikuru pa mutu wace, atayamba wacotsa mawaya a batire. Pulagi yotere sibwezeredwanso. Yatsopano ikhale itagulidwa kale nchito isanayambe.

POTSIRIZA NCHITO

Mafuta akale akatha kukha, pulagi ya pansi itsukidwe ndi kumangidwa ndi washa watsopano. Mafuta atsopano akhale a mtundu wolembedwa m'buku la galimotoyo, pakuti mabokosi onse samwa mafuta amodzimodzi. Magalimoto achulidwawa amalowa pakati pa lita 1 ndi malita 3, ndipo muyeso wace ndi wosabvuta: kuthira mpaka mafuta atayamba kukha pa bowo lothirira. Mapulagi onse awiri ayambe kumangidwa ndi zala, kuti mazinga asapingasane, kenaka ndi sipanala ya utali wamba, popanda mpope.

Mafuta akale asungidwe m'cigubu cotseka. Asatayidwe m'munda, pafupi ndi citsime, kapena mu mcenga wa Lupande, m'mene anthu amakumba madzi akumwa nthawi ya malimwe. Ndipo eni magalimoto ndi akomiti a makopaletivu akumbutse oyendetsa ao kumasula mapulagiwa caka ndi caka mvula ikakata, pakuti pulagi yomasulidwa kawirikawiri siipeza nthawi youma.