Mankhwala otsukira kabuleta m'njinga zamoto zakale: zimene amatha ndi zimene sangathe

Mvula ikatha misewu ya kumidzi n'kuyamba kuuma, njinga zamoto zimene zinaimikidwa m'makonde zimatulutsidwanso kuti zikanyamule matumba a mbatata ya kachewere, soya, nyemba ndi fodya. M'maboma a Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, mota ndiyo imafikitsa zokolola pamsika, ndiyonso imathamangira ndi wodwala kuchipatala usiku. Nyengo imeneyi ndi pamene eni ake ambiri amapeza kuti injini ikuvuta kulira, ikutsokomola pachitunda, kapena ikuzima yokha munthu akangoima.

M'masitolo a masipeya mumapezeka timabotolo ta mankhwala othira m'thanki, tolembedwa kuti aditivo para gasolina, limpa carburador kapena limpa injectores, tina m'Chingerezi. Wogula amayembekezera kuti akathira, sapitanso kwa makanika. Mankhwalawa amagwiradi ntchito, koma ntchito yake ndi imodzi: kusungunula utomoni umene petulo amasiya m'njira zake. Sachotsa dzimbiri, mchenga kapena madzi ambiri, ndiponso sabwezeretsa chitsulo chimene chatha. Munthu wodziwa kusiyana kumeneku sataya mameticais ake pachabe.

Mmene kabuleta imatsekekera

Njinga zakale zimene zimayenda m'dera lino, monga Honda XL 125, Yamaha DT 125 ndi zambiri zochokera ku China ngati Lifo ndi Lifan, zimagwiritsa ntchito kabuleta, imene ku oficina amaitchula kuti carburador. Petulo amatsika kuchokera m'thanki, amadutsa pakampopi ndi m'kapaipi, n'kukadzaza kambale kamene kali pansi pa kabuleta. Kuchoka m'kambalemo amakokedwa kudzera m'timabowo ta tizitsulo tachikasu totchedwa majeti kapena gicleur, n'kusakanikirana ndi mpweya asanalowe mu injini.

Majeti ofunika kwambiri ndi awiri. Yaikulu imagwira ntchito njinga ikamathamanga. Yaing'ono imapatsa injini petulo pamene ikungolira pamalo amodzi kapena ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo bowo lake silifika ngakhale theka la milimita. Petulo akakhalitsa m'kambale kwa masabata angapo, mbali yake yopepuka imauluka ndipo pamatsala zonanda zofiirira zonga utomoni. Jeti yaing'ono ndiyo imayamba kutsekeka. N'chifukwa chake njinga imene yakhala nyengo yonse ya dzinja osayenda imalira pokhapokha tchoki itakokedwa, ndipo ikabwezedwa injini imazima.

Zimene zili m'botolo

Mankhwala othira m'thanki amakhala ndi zosungunulira zochokera ku mafuta komanso zotsukira zimene zimagwira ntchito ngati sopo. Chimodzi mwa zotsukira zodziwika bwino chimalembedwa kuti PEA pamabotolo ena. Zikasakanizika ndi petulo zimayenda naye m'njira yonse, n'kumafewetsa utomoni pang'onopang'ono mpaka ukapsere mu injini.

Izi zikutanthauza kuti mankhwala amangotsuka pamene petulo akudutsa. Jeti ikakhala yotsekeka pang'ono, injini n'kumalirabe ngakhale movutikira, angathandize thanki imodzi kapena ziwiri zikatha. Jeti ikatsekekeratu, palibe chodutsamo, choncho mankhwala sangafikemo. Pamenepo kabuleta iyenera kumasulidwa ndi kutsukidwa pamanja. Potsukapo, bowo la jeti silitokosoledwa ndi singano kapena waya wachitsulo, chifukwa likakula ngakhale pang'ono njinga imayamba kudya petulo wambiri tsiku lililonse. Amakanika osamala amaviika jeti m'mankhwala opopera kabuleta n'kuuziramo mpweya wa pampu.

Dzimbiri, fumbi ndi madzi

Kumalire kuno litsiro lambiri la m'kabuleta silikhala utomoni. Kutali ndi bomba, petulo amagulidwa m'mabotolo ndi m'zigubu za m'mbali mwa msewu, ndipo amakhala atathiridwathiridwa m'ziwiya zingapo asanafike m'thanki. Fumbi ndi mchenga zimalowa motero, ndipo palibe mankhwala amene amasungunula mchenga.

Madzi nawo amalowa m'njira zingapo: pachivundikiro chotha labala mvula ikamagwa, m'zigubu zosauma, komanso ngati mame amene amachita m'kati mwa thanki yopanda mafuta ambiri usiku wozizira wa June ndi July kumapiri a Angónia ndi Tsangano. Madzi ndi olemera kuposa petulo, choncho amakhazikika pansi pa thanki n'kuyambitsa dzimbiri. Njinga imene imayenda bwino kampopi kali pa ON koma n'kuyamba kutsokomola katembenuzidwira pa RES nthawi zambiri imakhala ndi madzi kapena litsiro pansi pa thanki, pakuti RES amakoka mafuta apansi penipeni. Alipo mankhwala ena okhala ndi mtundu wa sipiriti amene amamwa timadontho ta madzi, koma madzi akachuluka njira yake ndi kukhuthula thanki basi.

M'thanki ya dzimbiri mankhwala otsukira angawonjezere vuto. Amafewetsa utomoni umene unagwira tizidutswa ta dzimbiri, tizidutswato n'kutsika kukatseka sefa ya pakampopi ndi majeti. Thanki yotere iyenera kuchotsedwa ndi kutsukidwa kaye, ndipo pakapaipi paikidwe kasefa kakang'ono koonekera m'kati, kamene kamatchipa kuposa botolo la mankhwala.

Oyendetsa mota amene amawoloka malire pa Calómuè, Biri-Biri kapena Zóbuè ali ndi china choti adziwe. Dziko la Malawi lakhala likusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira mu 1982. Petulo wotere amayendetsa njinga bwinobwino akagwiritsidwa ntchito msanga, koma ethanol amakoka chinyezi ndipo amatha kuwononga malabala ndi timapaipi ta njinga zakale kwambiri. Si petulo womusiya m'thanki kwa miyezi.

Zoyamba kuona asanagule botolo

Zizindikiro za kabuleta yakuda zimafanana ndi za mavuto ena, choncho mwini njinga ayenera kuyamba waona zinthu zitatu zimene sizifuna ndalama.

Choyamba ndi pulagi, imene ena amati vela. Nsonga yake ikakhala yofiirira ngati mtedza wokazinga, petulo ndi mpweya zikusakanikirana bwino. Ikakhala ndi mwaye wakuda wouma, petulo akuchuluka kapena mpweya ukuchepa. Ikakhala yonyowa ndi oyilo mu injini ya quatro tempos, ndiye kuti maring'i kapena zida zina za m'kati zatha, ndipo mankhwala sangathandizepo. Ikakhala yotuwa kwambiri, petulo akuchepa, mwina chifukwa cha jeti yotsekeka kapena labala yong'ambika imene ikulowetsa mpweya pakati pa kabuleta ndi injini.

Chachiwiri ndi sefa ya mpweya. M'miyezi ya fumbi, kuyambira August mpaka mvula itagwa, sefa imatsekeka msanga m'misewu yadothi. Njinga imafooka, imafuka utsi wakuda ndipo imadya mafuta. Sefa ya siponji imachapidwa, kuumitsidwa ndi kupakidwa oyilo pang'ono. Ya pepala imasinthidwa. Kutalika kwa malo nakonso kumakhudza: kumapiri a Angónia, amene ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, mpweya ndi wopepuka kuposa mumzinda wa Tete kuchigwa cha Zambezi, choncho kabuleta imene inatcheredwa kumunsi ingadetse pulagi ikakwera kumtunda. Pamenepo pafunika kutcheranso, osati kutsuka.

Chachitatu ndi kambale ka kabuleta. Pansi pake pali sikuluwu yotulutsira mafuta. Injini itazizira, mwini njinga atseke kampopi, amasule sikuluwuyo n'kulandira mafutawo m'botolo loonekera m'kati. Madzi amaoneka ngati dontho lalikulu pansi, dzimbiri ngati ufa wofiira. Zimenezi zikaoneka, ntchito ili pathanki. Mafuta akatuluka oyera, pulagi ndi sefa zili bwino, koma injini n'kumavutabe polira pamalo amodzi, pamenepo mpamene botolo la mankhwala lingayesedwe.

Muyeso wake

Mabotolo ambiri amapangidwira galimoto, zimene thanki yake imalowa malita 50 kapena 60. Thanki ya njinga ya 125 nthawi zambiri imalowa malita apakati pa 8 ndi 14. Kukhuthulira botolo lonse m'thanki yotere ndi kuthira kangapo kuposa muyeso. Mankhwala ochuluka chotero amachititsa injini kulira moipa, amafewetsa malabala akale, ndipo ena amatsikira mu oyilo n'kumusungunula.

Kawerengedwe kake ndi kosavuta. Ngati pabotolo palembedwa kuti mamililita 300 ndi a malita 60, ndiye kuti lita imodzi imafuna mamililita 5. Thanki ya malita 10 ifuna mamililita 50, ya malita 12 ifuna 60. Botolo lililonse lili ndi muyeso wakewake, choncho malangizo olembedwapo ndiwo oyenera kutsatidwa. Poyeza, sirinji yatsopano yopanda singano imagwira bwino ntchito kuposa kungoyerekeza ndi maso, ndipo ikatero isagwiritsidwenso ntchito pa anthu kapena ziweto.

Mankhwala amathiridwa poyamba, petulo pambuyo, kuti zisakanikirane. Thanki idzazidwe, chifukwa muyeso wa malita 10 wothiridwa m'malita 2 ndi wopyola kale. Kenako njinga iyende ulendo wautali injini itatentha, monga wochoka ku Ulónguè kupita ku Dómuè ndi kubwerera, osati kungoiliza pakhomo. Ndi bwino kuchita zimenezi tsiku losintha oyilo litayandikira. Mathanki awiri akatha popanda kusintha kulikonse, botolo lachiwiri silithandiza. Yatsala ndi ntchito ya makanika.

Njinga za dois tempos

Injini ya dois tempos, monga ya Yamaha DT 125, imadalira oyilo wa 2T amene amalowa pamodzi ndi petulo, kaya kudzera m'kapampu kake kapena wosakanizidwa m'thanki ndi mwini wake. Oyilo ameneyo ndiye amateteza pisitoni ndi mabering'i. Mankhwala otsukira salowa m'malo mwake, ndipo akachuluka amachepetsa mphamvu ya oyiloyo. Mwini njinga yotere agule botolo lokhalo limene lalembedwa kuti ndi loyenera injini za 2T, ndipo asachepetse oyilo ngakhale pang'ono.

Zosayenera kulowa m'thanki

Mayina amasokoneza anthu kumalire. Chimene ku Malawi amati petulo, kuno ndi gasolina. Chimene m'Chipwitikizi amati petróleo ndi palafini wa nyale. Palafini sapsa bwino mu injini ya petulo: amasiya mwaye, amachititsa injini kugogoda ndipo amasungunula oyilo. Petulo wokayikitsa angayesedwe podontheza pang'ono papepala loyera. Petulo weniweni amauma msanga osasiya chizindikiro, pamene wosakaniza ndi palafini kapena dizilo amasiya banga la mafuta. Kuyesa kumeneku sikugwira pa petulo wothiridwa kale 2T.

Botolo lolembedwa gasóleo kapena diesel si la njinga. Mankhwala opopera, a m'chitini, ndi otsukira kabuleta yomasula, osati othira m'thanki. Mankhwala othira mu oyilo wa galimoto nawonso ndi ena, ndipo angachititse kilatchi ya njinga kuterereka chifukwa imasambira mu oyilo yemweyo wa injini. Thina wa penti, mafuta a mabuleki ndi kachasu, zimene ena amalangizana, sizitsuka kabuleta bwinobwino. Zimadya malabala, ndipo kachasu ali ndi madzi ambiri.

Kupewa ndi kusamala moyo

Njira yotchipa kuposa zonse ndi kusalola litsiro kulowa. Petulo wa m'botolo asefedwe pafanelo yokhala ndi sefa kapena nsalu yoyera yosathothoka ulusi, ndipo wotsalira pansi pa botolo asathiridwe. Njinga ikamaimikidwa kwa masabata angapo, kampopi katsekedwe ndipo kambale ka kabuleta kakhuthulidwe, kuti musatsale petulo wosanduka utomoni. Thanki yodzaza sichita mame ambiri ngati yopanda kanthu. Ngati njinga yakhala miyezi yambiri ndipo petulo wasintha mtundu ndi fungo, ndi bwino kumuchotsa kusiyana ndi kumuthira mankhwala.

Mankhwalawa ndi poizoni ndiponso amayaka msanga. Asungidwe m'botolo lake lomwelo, kutali ndi ana, moto ndi chakudya, ndipo asathiridwe m'botolo la zakumwa. Mwana akamwa, asamusanzitse, chifukwa mafutawo angalowe m'mapapo. Apite naye msanga kuchipatala chapafupi atatenga botololo. Kukhuthula thanki kapena kabuleta kuchitikire panja, injini itazizira, popanda wosuta fodya pafupi, ndiponso kutali ndi zigafa, nkhokwe ndi udzu wouma.

Kwa mlimi amene akukonzekera nyengo yogulitsa, dongosolo lake ndi ili: pulagi, sefa ya mpweya, kambale ka kabuleta, thanki, ndipo botolo la mankhwala pamapeto, pamuyeso wake. Kuona zinthu zimenezi pakhomo sabata imodzi msika usanayambe kumatenga ola limodzi, pamene njinga yofera panjira ndi matumba a mbatata ingatayitse tsiku lonse pamodzi ndi mtengo wabwino wa tsikulo.