Mankhwala a Makoswe Amene Anachokera ku Udzu Wovunda

Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, pakuti womuponya mwala amaswa ndi mkhate womwe. Mwambi umenewu umamveka bwino m'miyezi ya Meyi ndi Juni, pamene alimi a m'maboma a Machinga ndi Balaka amatuta chimanga ndi mtedza. Chakudya chikalowa m'nkhokwe, makoswe nawonso amalowa, ndipo eni nyumba amathamangira ku sitolo kukagula mankhwala. Tsono mkhate umene uli pangozi apa ndiwo moyo wa ana amene amakwawa pamene paikidwa mankhwalawo.

Banja la asidi mmodzi

Ambiri mwa mankhwala a makoswe ogulitsidwa m'mapaketi ali ndi mbiri yoyambira ku zomera. Zomera zimapanga asidi wotchedwa cinnamic, amene dzina lake linachokera ku sinamoni, khungwa lonunkhira limene ena amathira mu tiyi. Kanthu kalikonse kakang'ono ka asidi ameneyu kali ndi maatomu 9 a kaboni, 8 a haidrojeni ndi 2 a okosijeni. Chomera chimaupanga kuchokera ku phenylalanine, imodzi mwa njerwa zomangira mapuloteni, ndipo chikatero chimausanduliza m'njira zambiri.

Abale a asidi ameneyu ali pakhomo paliponse. Asidi wa ferulic ndiye amathandiza kulimbitsa gaga wa chimanga. Asidi wa chlorogenic ndiye amadetsa mbatata ikasendedwa ndi kusiyidwa pamphepo. Kulimba kwa mtengo wa tsanya wa ku Liwonde kumachokera ku lignin, yemwenso amamangidwa kuchokera ku banja lomweli. Zonsezi zilibe choopsa, ndipo mgaiwa ndi mbatata ndi chakudya chabwino. Mbale wina ndiye coumarin, amene amanunkhiritsa udzu wina ukamwetedwa ndi kuyanikidwa.

Ng'ombe zimene magazi ake sanaundane

M'zaka za m'ma 1920 ng'ombe za ku Canada ndi kumpoto kwa America zinayamba kufa ndi kutaya magazi. Dokotala wa ziweto, Frank Schofield, anapeza kuti zinali kudya udzu wotchedwa sweet clover umene unachita chuku. Mu 1933 mlimi wina anapita ku Yunivesite ya Wisconsin atanyamula ng'ombe yakufa ndi chitini cha magazi osaundana, nazipereka kwa katswiri wina, Karl Paul Link. Mu 1939 gulu la Link linapatula poizoniyo. Coumarin payekha saletsa magazi kuundana, koma chuku chimamusandutsa chinthu china chotchedwa dicoumarol, ndipo chimenechi ndicho chinali kupha ng'ombe.

Potengera dicoumarol, akatswiriwo anapanga warfarin, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito yopha makoswe mu 1948. Mu 1954 analoledwa kukhala mankhwala a anthu odwala matenda a kuundana kwa magazi m'mitsempha. Makoswe ena atayamba kupirira warfarin, m'zaka za m'ma 1970 kunapangidwa mankhwala amphamvu koposa, monga brodifacoum, amene amakhala m'thupi kwa milungu kapena miyezi.

Chifukwa chake amachedwa kugwira

Munthu akadzicheka, magazi amaundana chifukwa cha mapuloteni amene chiwindi chimapanga mothandizidwa ndi vitamini K. Thupi limagwiritsa ntchito vitamini ameneyu mobwerezabwereza, ndipo warfarin amatseka njira yomubwezera mphamvu. Chotero chiwindi chimaleka kupanga mapuloteni ogwira ntchito, koma aja amene ali kale m'magazi amatenga masiku kuti athe. Khoswe ndi wochenjera: amalawa pang'ono chakudya chachilendo, ndipo akadwala msanga sabwererakonso. Mankhwala ochedwawa amamunyenga, pakuti amadya nabwereranso mpaka kufa patapita masiku angapo.

Kuchedwa komweku ndiko kumanyenga makolo. Mwana akadya nyambo ya makoswe amasewera bwinobwino tsiku loyamba ndi lachiwiri. Zizindikiro zimadza pambuyo: kamfuno wosaleka, magazi m'nkhama, mawanga akuda pakhungu popanda kugwa, chimbudzi chakuda, kufooka, ndi magazi mumkodzo. Chizindikiro chomalizachi chimasokoneza kwambiri m'midzi ya m'mphepete mwa mtsinje wa Shire ndi nyanja za Chilwa, Chiuta ndi Malombe, kumene likodzo ndi lofala, pakuti makolo amangoti ndi likodzo lomwe lija.

Zoyenera kuchita

Mwana akaganiziridwa kuti wadya mankhwalawa, atengeredwe tsiku lomwelo ku chipatala chaching'ono chapafupi, kapena ku chipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, osadikira zizindikiro. Makolo anyamule paketi yake kuti dokotala awerenge dzina la mankhwalawo. Asamusanzitse pomupisa chala kukhosi kapena kummwetsa madzi a mchere. Mankhwala otsutsana ndi poizoni ameneyu alipo, ndiwo vitamini K1, ndipo wotaya magazi ambiri amaikidwa magazi. Bonongwe, mpiru ndi nkhwani zili ndi vitamini K, koma mlingo wake sungachiritse munthu wodya poizoni. Mbewa ya manyazi inafera ku una: kholo lisabise kwa dokotala kuti m'nyumba munaikidwa mankhwala poopa kudzudzulidwa.

Poizoni wogulitsidwa m'timapepala topanda dzina, monga uja anthu amati tameki, ndi wa mtundu wina. Amagwira m'kanthawi kochepa, wodyayo amatuluka dovu ndi thukuta, amasanza ndi kubanika, ndipo vitamini K samuthandiza. Wotereyu athamangire naye ku chipatala nthawi yomweyo.

Anyamata okumba mbewa m'chilimwe asatole mbewa yofa yokha kapena yoyenda mofooka, ndipo asasake pafupi ndi nkhokwe yothiridwa mankhwala, pakuti poizoni amatsalira m'chiwindi cha nyamayo. Makoswe akufa akwiriridwe m'dzenje lakuya kuti amphaka, agalu ndi akadzidzi asadye. Odwala amene amalandira warfarin ku chipatala asamwe asipirini kapena mankhwala a zitsamba asanafunse dokotala, ndipo adye ndiwo zamasamba mofanana tsiku ndi tsiku.

Njira yoposa zonse ndiyo kummana khoswe chakudya ndi pobisala. Nkhokwe ikwezedwe ndi kuvekedwa malata m'miyendo, matumba asagone pansi kapena kutsamira khoma, udzu wozungulira nyumba ulambulidwe, zinyalala zitayidwe m'dzenje, ndipo misampha itcheredwe. Alangizi a zaumoyo a m'mudzi uliwonse angathandize pa zimenezi. Pakhomo paukhondo khoswe amasamuka yekha, ndipo mkhate umatsala wosasweka.